Mabatire a Kamera pa Maliro a Bambo Anga

Anzanga, nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti mkazi wanga wayamba kuifalitsa kumjigo ndi kuchigayo, bola ndiinene ndekha, mwina mundimvera chisoni pang'ono.

Bambo anga anamwalira m'mwezi wa Juni, kumudzi kwathu kuseri kwa Kandeu, nyengo ija mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Ine ndinali ku Manjawira komwe ndimakonza njinga. Uthenga utangondipeza, foni inalira, anali achemwali anga a Esinati ali ku Joni. Mapepala awo sanali bwino, akanati abwere sakanabwereranso kuntchito, komanso basi ikanawafikitsa titaika kale.

"Yohane," anatero akulira, "ine bambo sindiwaonanso. Kamera ija ndinakusiyira pa Khirisimasi uli nayo? Undijambulire nkhope yawo asanatseke bokosi. Chithunzi chimodzi chokha, ndione kuti agonadi."

"Musadandaule achemwali, zimenezo n'zazing'ono," ndinayankha choncho ine, Mulungu andikhululukire.

Masiku amenewo mafoni ojambula anali asanafike kumidzi, kamera m'banja monse inali yokhayo, ya siliva, yokhala ndi galasi kumbuyo loonerapo zithunzi. Ndinali nditaigwiritsa ntchito kawiri kokha, nthawi yonseyi inkagona mu sutikesi. Ndiye ponyamuka ndinati ndichite zanzeru. Bambo anga akatha kumvera nkhani pa wailesi ankachotsa mabatire n'kuwakulunga mu pepala kuti asathe, ine ndinakula ndikuona zimenezo, ndiye nanenso ndinatsegula kachitseko ka pansi pa kamera, kuchotsa timabatire tiwiri tija achemwali anaikamo, kukulunga bwinobwino, kuika m'thumba la jekete. Ndinadziona ngati munthu wosamala kwambiri.

M'mawa wa tsiku loika, azibambo tili panja pozungulira moto, azimayi akulira m'nyumba ya siwa, ndinatulutsa kamera, kubwezeramo mabatire aja, mitu yonse iwiri kuyang'ana kumwamba monga timachitira mu tochi, n'kudina batani. Zii. Kudinanso. Zii. Kudina ndi chikhadabo mpaka chala kuyera, galasi lija lili bii, ndikungoona mphuno yanga. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu, ndinaimenya mbama ziwiri monga timachitira ndi wailesi ikamapanga mwano, koma ayi ndithu.

Mkazi wanga, mayi a Chisomo, anadutsa ndi ndowa ya madzi pamutu, anaima n'kundinong'oneza, "Bambo a Chisomo, tabweretsani ndione."

"Iyi si mbaula," ndinatero. "Pitani kwa anzanu."

Anandiyang'ana kamodzi n'kumapita. Inu mukanakhala ine mukanatani? Munthu woti ndimamasula njinga yonse n'kuimanganso osatsala nati ngakhale imodzi, ndipereke makina kwa mayi amene ali ndi ndowa pamutu, madoda onse akuona?

Ndinati vuto ndi kuzizira. Ndinachotsa mabatire, kuwakhutiza pa buluku, kuwanyambita kumutu, limodzi mpaka ndinaliluma ndi mano akumbuyo, kubwezera momwe muja, zii. Apa m'pamene Satana anandiyandikira. Ndinati ndiwaothetse moto. Ndinawaika pa mwala m'mbali mwa makala, ine n'kumamvetsera mdala wina akufotokoza m'mene bambo ankalimira mbatatesi, osadziwa kuti limodzi lagubuduka lalowa m'makala.

Phuu!

Phulusa linauluka, nkhalamba zoti zimadzuka ndi ndodo zinalumpha benchi popanda ndodo, m'nyumba muja kulira kunaima kaye. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene ankayendetsa maliro onse, phulusa linawadzaza pa jekete ndi m'ndevu. Mayi wina anatuluka pakhomo akufuula kuti, "Mwaona? Ndinanena ine kuti imfa iyi si yabwino!" Ndinachita kuimirira pamaso pa mudzi wonse, pa maliro a bambo anga enieni, kulengeza kuti si mfiti ayi, ndi ine, ndimawotcha batire.

Bambo aang'ono anadzisasa pang'onopang'ono n'kundiitanira pambali. "Mwana wanga, wabwera kudzaika bambo ako kapena kudzatipha tonse?"

Ndinawafotokozera za achemwali. Nkhope yawo inafewa, poti iwo ankamukonda Esinati. "Chabwino," anatero, "adzukulu amaliza kukumba, koma tidikira. Thamangira ku Kandeu ukagule ena. Usachedwe, thupi lakhalitsa."

Ndinabwereka njinga, n'kupalasa ngati akundithamangitsa, chitunda cha panjira ya ku Kandeu ndinakwera ndikulira, sindikudziwa ngati unali msozi wa bambo kapena wa manyazi. Mwini golosale, bambo wina wachisilamu, atamva kuti ndachokera pamaliro anandisankhira mabatire amphamvu, n'kunena kuti, "Yesani pompano, achimwene, tione limodzi." Ine ndinati nthawi ndilibe. Abale, miniti imodzi yokha! Ndinawaponya m'thumba n'kubwerera.

Ndinapeza amayi a mpingo atabwereza nyimbo imodzi mpaka mawu kusasa, adzukulu atakhala pansi akundiyang'ana ndi maso oti akanatha kundikumbira langa dzenje. Bokosi linali litatulutsidwa pabwalo. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, kung'amba pepala, kuika mabatire atsopano aja, mitu yonse kumwamba, kudina.

Zii.

Ndinamva mkulu wa mpingo akulengeza kuti achibale abwere adzaone nkhope, ndipo anthu anandipatukira njira, onse akudziwa kuti amene tamudikira maola awiri uja ndi uyu. Ndikanatha kunena zoona. Ndikanatha kupereka kamera kwa aliyense, aphunzitsi analipo atatu pamenepo. Koma manyazi a batire lophulika lija anali asanandichoke, ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaima kumutu kwa bokosi, kukweza kamera yakufayo, kutsinzina diso limodzi, kupendekera uku, kupendekera uko, kugwada bondo limodzi ngati katswiri, n'kudina batani.

"Wajambula?" anafunsa bambo aang'ono.

"Eya, ndajambula."

"Khomani," anauza adzukulu.

Kulira kwa hamala ija ndimakumvabe mpaka lero. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nanenso nkhope ya bambo anga sindinaione bwino. Nthawi yonse imene ndinapatsidwa ndinaithera kuyang'ana galasi lakuda, m'mene munkaoneka nkhope ya chitsiru chimodzi chotuluka thukuta.

Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, ndinakakhala ndekha pakhonde la bambo. Mayi a Chisomo anabwera, sanapemphenso, anangoisolola kamera m'thumba mwanga. Anatsegula kachitseko kaja, kuyang'ana m'kati, n'kundionetsa ndi chala kachithunzi kakang'ono kosonyeza batire limodzi mutu kumwamba, lina mutu pansi. Anatembenuza limodzi n'kutseka. Kamera inaimba kanyimbo kake kachisangalalo, diso lake n'kutuluka panja ngati palibe chimene chachitika.

Mayi a Chisomo anadina kabatani kena koonera za m'mbuyo, kudutsa zithunzi zanga ziwiri za njinga, kenaka panatuluka kanema woti ine sindinkamudziwa n'komwe, amene achemwali anajambula pa Khirisimasi paja. Bambo anga, amoyo, atakhala pakhonde lomweli, akusankha mbatatesi za mbewu, chipewa chawo chili pabondo. Mawu a achemwali akumveka kuseri, "Bambo, kamera iyi ndimusiyira Yohane."

Bambo anadzutsa mutu n'kuyang'ana mu kamera, ngati akundiyang'ana ine. "Yohane? Iyayi, usiyire mkazi wake. Uyu kumva samva, kufunsa safunsa."

Ndinalira pakhondepo kuposa m'mene ndinalirira kumanda, mayi a Chisomo akulira uku akuseka, azakhali anga anabwera kudzaona, nawonso kulira, kenaka n'kunena kuti, "Koma achimwene sananame."

Madzulo ake achemwali anaimba foni. Ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za kugwada bondo limodzi zija. Kenaka anati, "Ndiye kuti sindidzaona m'mene anagonera." Ndinati ayi, achemwali, ndipo wolakwa ndine. Ndinawauza za kanema uja, anati anali ataiwala kuti anajambula. "Unditumizire ameneyo," anatero, "koma usakhudze ndiwe. Atumize alamu anga."

Anandikhululukira patapita nthawi, koma chithunzi chimene anandipempha sindidzawapatsa mpaka kalekale, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti chinthu chilichonse chodya mabatire sindidzachitsegulanso ndekha. Lero kunyumba kwathu ngakhale tochi ikazima, ine wokonza njinga wodziwika pa Manjawira ndimainyamula ndi manja awiri, kupita nayo kukhitchini, n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi a Chisomo, taonani kuno," monga bambo anga analamulira.