Wotseka Wotchi Pakamwa

Tayikani kaye mafoniwo pansi, ana inu. Mwambi uja mumandimva nawo mukamabisa mabala unayamba motere.

Pa Mitundu panali bambo wojambula zithunzi, dzina lawo a Lufeyo Kanyumbu. Anali munthu wabwino ndithu, koma kukonda kuoneka! Dazi lawo ankalipaka mafuta mpaka ntchentche ikatera inkaterereka. Akazi awo anali atamwalira kalekale, ndipo umbeta unali utawafika m'khosi.

Mu situdiyo mwawo munali kompyuta yosindikizira zithunzi. Tsono mudziwe kuti m'mimba mwa kompyuta mumakhala kawotchi, kali ndi kabatire kake kangati batani la jekete. Magetsi akazima, iko kamapitiriza kuwerenga masiku. Koma kabatire kakatha, kawotchi kamaiwala zonse n'kubwerera ku tsiku lakalekale limene kanayambira kuwerenga.

M'mawa wina pakona ya sikirini panatuluka malemba ofiira. A Lufeyo anaitana mlamu wawo Felesiya, wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika.

"Alamu, chinthuchi chikuti chiyani?"

"Chikudziulula chokha," anatero Felesiya. "Chikuti kabatire ka wotchi katha, ndiye tsiku limene chikuonetsa musalikhulupirire. Ndikakugulirani kena ndikapita m'tauni."

"Pakadali pano chitsekeni pakamwa. Makasitomala aziona kuti makina a Kanyumbu ndi odwala? Manyazi ake!"

"Ine ayi, alamu. Wodwala akamabuula ndiye kuti akukuthandizani."

Felesiya atangopotoloka, bambo aja anadula chithunzi cha duwa pakalendala yakale n'kuchimata pakona paja, phathi! Malemba ofiira osaonekanso. Mlamu uja atabwera ndi kabatire, anam'bweza pakhomo.

"Chinachira chokha. Simukuona kuti chinasiya kudandaula?"

Sipanapite nthawi, mlongo wawo Elube, wokwatiwa ku Tsangano, anaimba foni. Anali atawapezera mbeta: Nangozo, mayi wamasiye, mlimi wa kachewere, woseka ndi mtima wonse. Koma mayiyo anati ayambe waona chithunzi.

Eee, a Lufeyo tulo tinatha! Anavala suti, tayi yamadontho, dazi waliwali. Atajambulitsa, analamula kompyuta kuti ilembe tsiku pansi pa chithunzi, kuti a ku Tsangano adziwe kuti nkhopeyo ndi yatsopano, si ya pa unyamata. Chithunzi chitatuluka, maso awo anathera pa tayi. Anachiika mu envulopu n'kuchitumiza pa minibasi.

Yankho linabwera lakuti akaonekere. Ananyamuka mtima uli dyokodyoko.

Atafika ndi Elube, anapeza anthu atakhala pakhonde. Panali mpando woyalidwa mapilo, pambali pake mbale ya phala lamadzimadzi. A Lufeyo anati akhalepo, koma malume ake a Nangozo, a Sitolo, anawagwira mkono.

"Pepani achimwene, pamenepo ndi pa mkulu. Nanga bambo anu atsalira pati? Chitundachi chawakanika?"

"Bambo anga ati?"

"Eni chithunzichi."

A Sitolo anatulutsa chithunzi, navala magalasi, nawerenga pansi pake mokweza: "1 Januwale, 2000." Kenaka anapukusa mutu. "Ife tinawerengera bwinobwino. Ngati dazi linali litafika apa zaka zoposa makumi awiri zapitazo, lero mano mulibe m'kamwa. N'chifukwa chake taphika phala. Koma inu kufanana ndi bambo anu, ayi ndithu, magazi sanama!"

Elube anagwira pakamwa. A Lufeyo anadziloza pachifuwa.

"Malume, wa pachithunziyo ndine ndemwe!"

A Sitolo anayang'ana chithunzi, nayang'ana mlendo. Tayi yomweyo. Dazi lomwelo. Ngakhale kachiphuphu ka pamphuno, komweko.

"Kachiphuphu kosaphulika zaka zonsezi?" anatero a Sitolo, akusendeza mpando wawo chambuyo. "Munthu wosakalamba ameneyu amadya chiyani, anthuni?"

Azimayi anayamba kukokera ana kumbuyo kwawo. Wina anachotsa ndi mbale ya phala yomwe.

"Si mankhwala ayi!" anafuula a Lufeyo. "Ndi kawotchi ka mu kompyuta! Kabatire kake kanatha, ndiye kanalemba tsiku lolakwika. Chithunzicho n'cha mwezi uno!"

Apo ndi pamene Nangozo anayankhula koyamba. Anali ataima pakhomo, ndipo kunena zoona, ana inu, iye anali atam'konda mlendoyo. Anamwetulira.

"Zimachitika, bambo. Makina ndi makina. Ndiye kuti chinthucho chinakupusitsani osakuuzani kuti chadwala?"

A Lufeyo akanangokhala chete, bwenzi lero tikudya kachewere kwawo. Koma mtima utakhala pansi, pakamwa panamasuka.

"Kundiuza chinandiuza, mayi. Chinkalemba zofiira tsiku ndi tsiku. Koma ine sindilola zodandauladandaula pamaso pa anthu. Ndinangochimata pepala."

Kumwetulira kuja kunazima.

"Ho! Ndiye ine ndikadzati mutu ukundipweteka, mudzandimata pepala lanji?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Sitolo anawabwezera chithunzi chawo ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

A Lufeyo anafika ku Mitundu atafooka, akukoka miyendo ngati nkhalamba imene anaiphikira phala ija. Anamatula duwa lija pang'onopang'ono. Malemba ofiira anali pomwepo, akunenabe zomwe ankanena kuyambira tsiku loyamba. Ine ndinawamvera chisoni, koma kuseka ndinaseka.

Tsono iwe ukubisa chala kumbuyoko, bwera nacho kuno ndichione. N'chifukwa chake timati: wotseka wotchi pakamwa anakalamba tsiku limodzi.