Chitseko cha Matabwa Aawisi

Lolemba
Ndagula matabwa ku Limbe! Wogulitsa akuti, "Bwana, awa ndi aawisi, muwayanike kaye." Ndiyanike liti? Apongozi aamuna akubwera Lamulungu kudzaona nyumba yathu yatsopano kuno ku Chirimba, pakhomo pali chiguduli. Bambo omwewa anauza anthu pachinkhoswe kuti manja angawa ndi ogwirira cholembera basi. Zimandiwawabe. Chitseko ndikhoma ndekha, aona!

Lachiwiri
Chatheka! Misomali, mahinjesi, loko, vanishi. Ndatsegula, ndatseka, ndatsegulanso, mpaka mayi akunyumba andikalipira. Nsanje.

Lachitatu
Dzuwa laswa mtengo. Chitseko chayamba kupindika, pamwamba chikuthawa felemu. A Banda, aphunzitsi oyandikana nafe, akuti pachingerezi amati warp, thabwa likauma mbali imodzi n'kupotoka. Ndiye kuti ngakhale azungu zimawachitikira, mpaka anapeka mawu ake! Mtima wakhala pansi.

Lachinayi
Pansi patseguka mpata. Zalowa lero: mphepo, fumbi, nkhuku ya eni ndi anapiye ake. A Banda abweranso, akuti mawu aja amagwira pa matabwa ndi mapulasitiki, koma matiresi akafwafwalala ali ndi mawu enanso. Ndani wapempha kalasi? Chitseko ndachizula, ndachigoneka pabwalo, ndasanjikapo njerwa.

Lachisanu
Njerwa zagonja, ine ayi. Ndapempha a Yusufu, adalaivala a minibasi, kuti akaweruka aimike tayala pamwamba pake mpaka mawa. Aseka, koma avomera. Nzeru zoterezi kusukulu kulibe!

Loweruka
Chawongoka! Kunena zoona chapindikira mbali inayo, koma ukachikankha ndi phewa chikulowa. Pakati pali chidindo cha tayala, ndidzati ndi sitayilo. Mayi akuti, "Bambo, bwererani ku Limbe mukagule chopangapanga." Ine? Zosatheka!

Lamulungu
Apongozi alowa. Ndatseka monyadira kuti achione bwino. Achigogoda ndi chala, akuti, "Mwayesetsa, mkamwini." Ndatsala pang'ono kuvina!

Nthawi yotsanzikana, chitseko chakana. Phewa, bondo, khasu, ayi ndithu. Minibasi ya kumudzi sidikira munthu. Apongozi, ndi suti yawo, atulukira pazenera, ine mkamwini nditagwira miyendo yawo, anthu ochokera kutchalitchi ataima pamsewu kuonerera. Ndodo yawo ndawapatsira pambuyo. Sanacheuke.

Manyazi andigwira, sindinama. Mawa ndipita kukagula chopangapanga chija. Ndidzatulukira pazenera lomwelo.