Majini M'bongo wa Tonde

Lolemba
Mkazi wanga, amake Tisa, andipatsa sabata imodzi. Ndikangokalipanso, akumanga katundu kubwerera kwawo ku Zingalume. Akuti, "Ukali umenewu ndi wa atate anu, uli m'magazi." Magazi ati! Ine sindikalipa, ndimangonena chilungamo mokweza.
Pamsika, ndikukonza foni ya aphunzitsi ena, ndikupezamo nkhani. Zimene timatengera kwa makolo asayansi amazitcha majini. Thupi lonse majini ndi omwewo, koma m'bongo ena amayaka mbali iyi, ena mbali iyo, ngati mababu a m'nyumba. Amadula bongo wa mbewa mopyapyala, n'kuthira mankhwala, ndipo pamene jini ikugwira ntchito pamasintha mtundu. Kuwononga ndiwo! Komabe nzeru ilipo. Ndikapeza pamene pamakhala ukali, ndidziwa pothira madzi ozizira.

Lachiwiri
Zofunika:
bongo wa tonde, waukali
bongo wa nkhosa, wofatsa
lezala
jivi wopaka pazilonda
Nkhosa kulibe. A Zulu a pabutchala akufunsa kuti bongowo ndi wachiyani. Ine sindidziwa kuzungulira: ndikufuna kuona majini. Akundipatsira patali. Mayi wa tomato pambalipa wasiya kuitana makasitomala.

Lachitatu
Bongo sudulika! Ukungophwanyika ngati peyala lakupsa. Jivi wagwira paliponse: bongo, mbale, thebulo, zala zanga zonse. Kaya tondeyu anali ukali wokhawokha, kaya. Sindinakalipe. Ndangoluma chipewa. Theka lomwe sindinalipake ndavundikira m'mbale.

Lachinayi
Theka lija amake Tisa akazinga ndi anyezi. Akumwetulira: "Mwayamba kukumbukira pakhomo, bambo." Ndadya kafukufuku wanga. Chopweteka n'chakuti akukoma.

Lachisanu
Palibe wobweretsa foni ngakhale mmodzi. Boma lonse la Chadiza lamva kuti wokonza mafoni akuweta ziwanda m'mutu wa mbuzi. Zala zanga akuti ndiye umboni. Ndaima pakati pa msika kuwaphunzitsa: si majini a mizimu, anthu inu! Awa aliyense ali nawo! Inu, ana anu, ngakhale abusa! Mayi wa tomato wasamutsa benchi.

Loweruka
Abusa afika ndi amayi a mapemphero. Awaitana ndi amake Tisa. Andigwira mutu uku ndi uku. "Iwe jini, ukukhala pati?" Funso langa lomwe lija! Ndikuyankha mwaulemu kuti mwina kutsogolo, mwina pakati, asayansi akufufuzabe, ndipo si mmodzi, alipo ambirimbiri. Mayi wina wakuwa: "Avomera!" Mafuta odzozera andilowa m'maso.
Apa ndiye ndaphulika. Zonse za sabata: za anyezi, za tomato, za umbuli. Mpaka ku khonsolo amva. Abusa akupukuta thukuta mokondwa, akuti atuluka onse. Amake Tisa ali kuchipinda. Akupinda zitenje.

Lamulungu
Apita, ndi Tisa yemwe. Atasenza katundu anaima pakhomo: "Musamavute mbuzi, bambo. Jini wanu ali pakamwa, tonse timamuona."
Jini uja amupeza iwo. Popanda lezala, popanda jivi.
Ndapopa njinga, mawa wa ku Zingalume. Ndikalankhula chapansipansi ngati wamaliro. Apongozi ndikawapatsa moni bwanji sindikudziwa. Jivi sakuchoka.