Wakuba Netiweki wa ku Kamushanga

Anzanga, mtima umandiwirabe ndikakumbuka zimene inandichita laputopu yanga. Tsiku limenelo ndinali ndi intavyu ya pa vidiyo, ine munthu woti ulova unali utandikwana mpaka m'khosi. Ndinagula karauta katsopano ka waifai, kuthiramo bandulo, kumanga tayi, n'kudina linki nthawi idakalipo.

Chilaputopu chakale chija, cholira ngati chigayo, chinangoonetsa kamzere kamodzi ka netiweki. Karauta kali pamphuno pomwepa, kamzere kamodzi? Ndinakazimitsa karautako, kukayatsanso, kukaika pamwamba pa kabati, mpaka kukamenya khofi, koma ayi ndithu, vidiyo ikungozungulira. Nditasendera kukhoma, timizere tiwiri. Kutuluka panja, titatu. Kufika pampanda wa aneba athu, Bana Chanda, timizere tonse tinadzaza! Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ndinapsa mtima, ndinati basi, mayi awa akundikokera netiweki, n'chifukwa chake ana awo sachoka pafoni.

Ndinalowa pageti osaodira n'komwe, laputopu chitsegulire m'manja.

"Bana Chanda! Manje ni ukawalala wa bwanji uyu? Netiweki yanga yonse ili kuno kwanu! Nizaitana ba polisi!"

Mayiwo anasiya kuchapa, n'kupukuta manja pachitenje, n'kusuzumira pa laputopu mosathamanga.

"Bashi Tiwonge," anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wanga, "belengani zina ili apo."

Ndinawerenga. BanaChanda.

"Iyi waifai ni yanga. Bakazi banu banabwela nayo iyi laputopu pa miting'i ya kicheni pate, ninabaikila pasiwedi. Kanshi ndimwe mumanisilizila mabandulo!"

Kani chilaputopu chokalambacho sichinkakaona n'komwe karauta kanga katsopano, chinangokakamira pa netiweki ya eni ake kudutsa khoma, ine n'kumalimbana ndi karauta kosalakwa.

Ndisanapeze pobisa nkhope, laputopu inatsokomola. Paja netiweki inali itadzaza, vidiyo inali italumikiza kalekale, ndipo mabwana atatu ovala majekete anali duu, kundiyang'ana ine ndi beseni la zovala kumbuyo kwanga.

"Ba Phiri," anatero wapakati, "tamvela vonse. Funso yoyamba: kawalala ni ndani apo?"

Bana Chanda anawerama pa kamera n'kundiloza ndi chala chonyowa.

Ntchito inapita choncho, pasiwedi inasinthidwa tsiku lomwelo, ndipo laputopu ija tsopano timatsekerezera chitseko. Ndinalumbira, abale: ndisanatchule munthu wakuba, ndiziyamba ndaona ngati katundu wake sali m'manja mwanga.