Maliro a Fodya Wanga

Nkhaniyi ndikadapita nayo kumanda, koma alamu anga a Jemusi anaiulula pamowa, ndiye bola muimve kwa mwiniwakene.

Inali nthawi ya atsamunda, boma litalamula kuti fodya azigulitsidwa pamsika wake wokha, pamtengo wonena mzungu. Ukapezeka ukudutsa naye malire a ku Tsangano kupita kwa Apwitikizi, kumene ankagula bwino, inali ndende basi. Ine zinkandiwawa. Kulima ndekha, kuwamba ndekha mpaka maso psuu ndi utsi, ndiye wina azindiuza kogulitsa?

Tsono ndinapeza nzeru (masiku amenewo ndinkadziyesa wochenjera). Ine ndi a Jemusi tinakulunga fodyayo mumphasa, n'kumumanga pachithatha ngati mtembo. Ndani angaseche maliro? Tinanyamuka m'mawa, nkhope zili khuma.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu maliro sayenda okha. Pamudzi woyamba amuna anayi anataya makasu n'kutilandira chithatha. Pamudzi wachiwiri amayi anayamba kulira, wina mpaka kudzigwetsa pansi, asakudziwa n'komwe kuti wamwalira ndani. Atandifunsa ndinati ndi amalume. (Amalumewo anali moyo, akukumba kachewere kumunda kwawo.) Pamene dzuwa limafika pamutu tinali chigulu, nyimbo ya kutchalitchi ili pakamwa, ineyo ndikuthira besi.

Kenaka tinakumana ndi a Ndau, mesenjala wa boma, munthu wosaseka. Anatsika panjinga, kuvula chisoti, n'kuika phewa pachithatha monga mwa mwambo. Atayenda pang'ono anayetsemula kawiri. Ine ndinayamba kuganiza kuti mkazi wanga ndi ana adzawalimira ndani.

Anandiitanira pambali.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Malemuwa ankasuta kwambiri eti?"

"Kwambiri, bwana."

"Ndamva fungo. Tsono ine maliro sindimanga, ndimamanga fodya. Munene nokha chimene mwanyamula."

Ndinati maliro. A Ndau anatembenuka n'kuuza anthu kuti mtembo wayamba kuvuta ndi dzuwa, sufika kwawo, tipemphe malo pamanda apafupi. Anthu okoma mtima aja anakumba mosanyinyirika. Dothi loyamba ndinaponya ndine, ndipo apo ndiye ndinalira zenizeni, mpaka azibambo awiri kundigwira kuti ndisagweremo. Zokafukula sindinayerekeze, paja wopezeka akukumba manda dzina lake ndi mfiti.

Thukuta la chaka chonse linatsala m'dzenje muja, koma tsiku limenelo ndinagona m'nyumba mwanga, ana akundikwera pamsana. Lamulo lija sindinalikondepo, ndipo zaka zotsatira ndinkapita kumsika wa boma ndikung'ung'udza njira yonse. Koma a Ndau ndimawathokoza mpaka lero. Sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Tsiku limene anamwalira, chithatha chawo ndinachisenza kuchokera pakhomo mpaka kumanda, osalola munthu kundilandira.