Tsiku Limene Ndinamwetsa Inki Cholembera cha Eni Ake

Nkhani iyi ndimaikamba ndikakhuta, chifukwa ndikaikumbuka ndili ndi njala m'mimba mumatentha.

Inali nthawi ija chuma cha Ireland chinagwa chagada. Ine ndinali pasukulu ku Dublin, ndikuchita lendi kachipinda ku Rathmines kwa a Declan, mkulu amene kale ankamanga nyumba zogulitsa. Masiku a ndalama ankatolera zolembera zodula, zija zothira inki, ndipo ntchito itatha anayamba kuzigulitsa chimodzichimodzi kuti banki isawalande nyumba. Chotsala chinali chokongola koposa: chofiira ngati katondo, chojambulidwa tianthu toyera tovina mozungulira, polemekeza mitundu yakalekale ya m'mapiri a ku India.

Loweruka lina anandiitana, bondo litawatupa.

"Wogula ali ku Dún Laoghaire, ndi dokotala, mayi Rao. Kandiperekere, koma uchigwire ngati dzira."

Ndinavomera msanga, poti komweko kunkakhala Misozi, namwino wa ku Chipata amene ndinkamuzungulira kutchalitchi osaphula kanthu. Ndinamuimbira kuti tikumane kudoko la kumeneko. M'sitima ndinatulutsa cholembera m'kabokosi n'kuchikoleka pathumba la malaya (kungoti chipitidwe mphepo, musandiganizire zoipa).

Misozi anachiona asanandione ine.

"Iyi pen mwaitenga kuti, ba student?"

"Ku India," pakamwa panga panayankha pokha. "Tinali ndi conference."

"Ndiye nilembeleniko dzina langa pa ticket yanu ya sitima, tione."

Ndinakanda, ndinakandanso. Pepala loyera mbee. Mumtima ndinawadzudzula a Declan: munthu ungagulitse bwanji cholembera chouma? Wogula sangachibweze? Ndinalowa m'shopu, n'kugula kabotolo ka inki, n'kukhala pabenchi kuti ndiwathandize mkuluyo.

Mphepo ya kunyanja ija siisewera. Inki ina inalowa m'cholembera, yambiri inapita m'zala ndi pamkono wa malaya. Popukuta thukuta ndinadzipaka pamphuno (izi ndinazidziwa madzulo, Misozi sanandiuze). Dzina ndinalemba ndithu, kungoti M yekha anadya theka la tikiti.

Kenaka Misozi anati andiperekeze kumene ndinkati ndili ndi "meeting". Titangolowa m'kamalo ka tiyi, mayi wina wa magalasi anaimirira.

"Sister Misozi, mukutani kuno?"

Anali mayi Rao. Iwo ndi Misozi ankagwira ntchito pachipatala chimodzi.

Nditawapatsa cholembera, mayi Rao anachitsegula, nsonga yake ili yonyowa. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"A Declan anandiuza kuti sichinalawepo inki chipangidwire. Mtengo wake wagona pamenepo."

"A Declan ndani?" anafunsa Misozi. "Ni yake iyi, anagula ku India."

Dokotala anatsitsa magalasi. "Ku India chigawo chiti, bambo?"

"Cha... kumtunda," ndinatero.

"Kumtunda kwa chiyani?"

Ndinayang'ana shuga wa patebulo ngati angandiyankhire. Kenaka ndinaulula zonse, kuyambira bondo la a Declan. Misozi anaseka mpaka kugwira mpando. Ine kuseka kunalibe, ndinkangoona nyumba ya eni ake ikupita, kachipinda kanga kali momwemo.

Mayi Rao anaimbira a Declan, ndipo ndinamva mawu a mkuluyo ngakhale ndinali patali ndi foni. Mapeto ake dokotalayo anagula, mtengo utatsikako. Anati anakulira pafupi ndi midzi yojambula makoma chotero, ndipo ankafuna chongoyang'ana m'kabati, koma popeza wina wachitsegulira njira, azilembera.

Kunyumba a Declan sanalalate. Anangondipatsa chingwe cha galu wawo.

"Mpaka dzinja lithe, m'mawa ndi madzulo, kaya mvula kaya chipale chofewa."

Ndinayenda naye galuyo mpaka zala kuuma. Chodabwitsa, masiku ena Misozi ankabwera kudzayenda nafe, akuti sanaonepo munthu wonama moperewera chonchi.

Phunziro ndinatolapo: cha eni sathira inki. Za bodza zokha sindinaphunzire bwino. Galuyo ndinamuuza Misozi kuti ndi wanga.