Afisi Obisika a Sitandade 6

Lolemba

Lachisanu makolo abwera kudzaona ntchito za ana. Chaka chatha a Phiri a Sitandade 7 anawomberedwa m'manja chifukwa cha matsache. Matsache! Chaka chino Bangwe yonse indidziwa.

Pulani yanga: mwana ajambule nyama ndi pensulo ya buluu, kenako akhwatchekhwatche pamwamba ndi bolopeni yofiira mpaka nyamayo isaoneke. Ukasuzumira pa kapepala kofiira kokutira switi, zofiira zija zimasowa, buluu amada, nyama n'kutulukira. Sayansi ya mitundu basi.

Ndili ndi mapensulo anayi. Ana alipo 87.

Lachiwiri

Ndatolera mabolopeni ofiira onse a mu sitafu. A Phiri akunyinyirika kuti achongera chiyani. Achongere tsache.

Ndauza ana ajambule nyama yomwe akufuna. Ine ndikuyembekezera nkhuku, bakha. Zomwe ndalandira:
afisi mbwee,
akadzidzi,
njoka za mitu iwiri,
mbuzi imodzi, nayonso nkhope ya fisi.

Lachitatu

Zatheka! Kalasi yonse ikukuwa. A Hedi asuzumira katatu, akuseka mpaka misozi: "Madamu, mutu wanu umakoka!"

Dalitso, wa pabenchi lakutsogolo, akupempha kuti akaonetse mayi ake. Ndalola. Ndi pakamwa pangapa ndalola.

Lachinayi

Abwera ana 40 okha.

Akuti Dalitso anapatsa mayi ake pepala, sanaone kanthu. Anawapatsa kapepala ka switi: kadzidzi maso tong'o! Mayiwo anathawa m'nyumba yawo yomwe, patapata mmodzi kumwendo.

Pa kiyosiki ya madzi nkhani ndi yanga. Akuti ndikuphunzitsa ana kuweta zilombo. Akuti chofiiracho ndi magazi. Magazi a bolopeni ya a Phiri! Ine wa kwaya zaka khumi ndi ziwiri, lero ndasanduka mfiti chifukwa cha pepala la switi? Zandinyansa koopsa.

Lachisanu

Makolo adzaza bwalo. Pa misonkhano ya chitukuko sabwera chonchi.

Ndikufotokoza pang'onopang'ono: chofiira chimameza chofiira chinzake. Mayi wina: "Mwamva? Chimameza!"

Wapampando wa komiti: "Ngati ndi zabwino, mwabisiranji?"

Ndikuwapatsa kapepala kuti asuzumire okha. Manja awo onse kumbuyo. Ndikuyang'ana a Hedi. A Hedi akuyang'ana phiri. "Ine nkhani imeneyi sindinauzidwe bwinobwino." Katatu! Munasuzumira katatu, bambo inu!

Zithunzi zonse zaotchedwa kuseri kwa zimbudzi, nyimbo ili pakamwa. Mbuzi ija nayo yapsera limodzi, yosalakwa. Phulusa asesa ndi matsache a a Phiri. Awawomberanso m'manja.

Loweruka

Pamsika:
mayi wa tomato wandiwonjezera atatu osapempha;
wa makala akunditchula "amayi athu";
kondakitala wanditsegulira mpando wakutsogolo, wandilankhula mwaulemu. Kondakitala!

Ulemu umene ndaufuna zaka zonsezi ndi uwu, koma wadzera khomo lolakwika. Mtima ukuwawa.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu apanikizana, ena aima kukhomo. Ine benchi lonse ndekha, ndi chikwama changa. Pa moni wa mtendere andibayibitsa chapatali.

Bangwe yandidziwadi.

Mawa tijambula kapu. Ndi pensulo wamba. Yopanda chivundikiro, kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.